Kalembera Wandipezetsa Abale

Mpondabwino,
Zomba.
28 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene a Maziko,

Choyamba ndi moni. Muli bwanji ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu a Brenda ndi mwana? Chifuwa chija munkadandaula nthawi yozizira chinatha? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Alamu anu a Herbert ali bwino, ntchito ya ukalipentala ikupezeka mwa apo ndi apo. Amayi ku Malosa miyendo ndiyo ikuwavutabe, koma nandolo akolola okha, osafuna wowathandiza, mukuwadziwa kale.

Kuno kwatentha koopsa. Phiri likungofuka utsi wa moto wolusa. Magetsi akumazima m'mawa kudzayaka madzulo, moti ngakhale a m'mayadi abwerera pa mbaula.

Mudabwa kuona kalata m'malo mwa foni. Nkhani ndili nayoyi si yoti mawu adukire pakati netiweki ikathawa. Ndapatsira a Uledi, oyendetsa galimoto ya katundu aja, kuti akupatseni pamanja. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo mufike kumapeto musanandiyimbire. Mukafuna kundikalipira mundikalipire, koma mutamva zonse.

Paja ndinakuuzani kuti podikira kuitanidwa ntchito ya uphunzitsi ndinapeza ganyu ya kalembera wa anthu ndi nyumba mwezi wathawu. Anatiphunzitsa masiku angapo n'kutipatsa tabuleti, chikwama ndi mapu. Tinalumbiranso kuti zomwe tikamve m'makomo mwa anthu sitidzaulula kwa wina aliyense.

Ine anandipatsa Chinamwali chakumtunda, m'munsi mwa miyala ikuluikulu ija. Achimwene, mukadzabwera simudzapadziwa. Tili ana, tikamadutsa pa minibasi kuchokera ku Malosa, kumtunda kuja kunali masuku okhaokha, anyani akuothera dzuwa pamiyala. Lero nyumba zakwera phiri lonse. Chimbudzi cha uyu chayang'anizana ndi khitchini ya uyo. Pamene mapu akuonetsa bwalo, ine ndinkapeza mdadada wa zipinda zisanu, chipinda chilichonse banja lake.

Ndikafunsa kumene anabadwira, mayankho ake anali Jali, Mayaka, Chingale, Phalombe, Machinga. Obadwira m'tauni momwe muno anali ana okhaokha. Chimene anabwerera sindinkafunsa, ankanena okha: munda unachepa, mvula inanama, nyanja yaphwa. Ndikafunsa chophikira, nkhuni, makala, nkhuni, makala, ngakhale nyumba zoti waya wa magetsi walowa. Chala changa chinafika pozolowera malo ake pa tabuleti.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa litapendeka, ndinafika pa kanyumba kakumapeto kwenikweni, pamene njira imathera pa chigwembe. Khoma lake lina linang'aluka kuchokera pa windo mpaka pansi, ndipo analichirikiza ndi mtengo wa bulugama. Pakhonde panali mayi wofunda mpango wa Chisilamu akumanga timitolo ta nkhuni togulitsa, atsikana awiri akumuthandiza.

Ndinapereka moni n'kunena kuti ndine wa kalembera. Mayiwo anandiyang'anitsitsa, mpaka ndinayamba kudzifufuza ngati ndadetsedwa penapake. Kenako anatuma mtsikana wamkuluyo kuti anditengere mpando. Anabwera ndi kampando ka paini kokhala ndi bowo logwirira pakati, konga aja bambo ankakhoma kwathu. Ndinangoti ocheka matabwa onse amakhoma chimodzimodzi, n'kukhalapo.

Tinayamba mafunso. Dzina lawo a Mwanamvua Saiti, zaka 38, kwawo ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Ana awiri, Sumaya wa zaka 15 ndi Amira wa zaka 8. Bambo a anawa ali moyo? Ayi. Pa miyezi khumi ndi iwiri yapitayi pamwalira munthu wa pakhomo pano? Inde, bambo a anawa, mu Febuluwale. Anali ndi zaka zingati? Anati 62.

Apa chala changa chinaima. Ndinawapepesa, n'kuwauza kuti nanenso bambo anga anatisiya mwezi womwewo, zaka zawonso zomwezo.

Mayi aja anaika luzi pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndikudziwa, a Ella. Ndakuzindikirani mukungotulukira pa mpanda apo. Mumayenda ngati iwo."

Achimwene, dzina langa ndinali ndisanatchule, ndipo chiphaso changa chinali m'chikwama.

Anandilowetsa m'nyumba. Pakhoma panali chithunzi cha bambo athu a Alufandika, atavala jekete lija ankapita nalo ku tchalitchi, atanyamula Amira ali wakhanda. Kuseri kwa chitseko kunali gambuti zawo ndi macheka aja tinawafunafuna nthawi ya maliro osawapeza.

Mukukumbukira ankatiuza kuti Lolemba mpaka Lachisanu amagona ku msasa wa ocheka matabwa pamwamba pa phiri, chifukwa ku Malosa n'kutali? Msasa wake unali umenewu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Sindikudziwa mmene ndinamalizira mafunso otsalawo. Ndinkangofunsa ngati wailesi. Denga la malata akale, pansi pozira, madzi a pa kiyosiki, kuunikira tochi, kuphikira nkhuni. Nditachoka ndinakakhala pa mwala kuseri kwa nyumba ya eni ake n'kulira ngati maliro ayamba kumene. Kenako mkwiyo. Ndinaganiza kuti nawonso amayi ku Malosa ayankha funso lomwelo kwa wa kalembera wa kumeneko. Munthu mmodzi wamwalira kawiri m'kaundula, kwa mkazi uyu ndi kwa mkazi uyo. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, misozi ili chuchuchu.

Masabata awiri ndinakhala nazo m'mimba. Ngakhale a Herbert sindinawauze. Mbali ina linali lumbiro lija, koma ndisakunamizeni, mbali yaikulu unali mkwiyo. Ndinkati amenewo ndi awo, anadziyamba okha, adzimalize okha.

Koma khoma long'aluka lija silinkandichoka m'maso. Ntchito itatha, nditabweza tabuleti ya eni ake, ndinakweranso ku Chinamwali, ulendo uno ngati mwana wa a Alufandika, osati wa boma. Ndinawauza a Mwanamvua kuti zomwe ndinamva pa ntchito sindingaziulule pokhapokha iwo atandilola. Anandiyankha kuti, "Kauzeni amene mukufuna. Ndatopa kukhala chinsinsi cha munthu woti anagona kale." Choncho zomwe ndikulembazi ndikulemba ndi chilolezo chawo.

Anandifotokozera zonse, osadzikometsera. Akuti anabwera m'tauni ali mtsikana kudzagulitsa matemba, kenako anayamba kuphikira ocheka matabwa kuphiri, n'kumene anadziwana ndi bambo. Akuti bambo sanawabisire kuti ali ndi banja ku Malosa, ndiye sanganene kuti ananamizidwa. Abale awo anakana zoti akwatiwe ndi Mkhristu, kotero panalibe ukwati wa ku mzikiti, panalibe ankhoswe, panalibe chilichonse. N'chifukwa chake bambo atamwalira panalibe wokawauza. Anamvera kwa anzawo ocheka matabwa m'mawa wa tsiku loika maliro.

Anakwera minibasi ndi ana mpaka ku Malosa. Anaima pamsewu, pansi pa mango aja a pa mphambano, n'kuona bokosi likudutsa. Kenako anakwera minibasi ina kubwerera. Inu tsiku limenelo munkalira pa foni chifukwa mapepala anakutsekerezani ku Joni. Iwo anali pomwepo, mtunda woti n'kumva nyimbo, koma osatha kuyandikira. Ndaganiza kwambiri za anthu awiri inu, inuyo ndi a Mwanamvua.

Tsono mavuto awo ndi awa. Mwini nyumba wagulitsa malowo kwa munthu wofuna kumangapo nyumba za lendi, ndipo wawauza kuti pakutha pa Novembala akhale atatuluka. Ngakhale akanapanda kuwatulutsa, chigwembe chija chikudya dothi chaka ndi chaka, chifukwa madzi ochokera kuphiri alibenso mtengo wowagwira. Chatsala mapazi atatu kuti chifike pa maziko. Ndinafunsa zobwerera ku Kachulu. Anandiseka. Akuti nyanja yathawa, mabwato angokhala pa matope ong'ambika, mchimwene wawo amene anali msodzi ali konkuno akupalasa kabaza. Kumudzi n'kumene anthu akuchokera, si kumene akupita.

Chowadyetsa ndi nkhuni. Katatu pa sabata amakwera phiri kukatola, n'kumagulitsa timitolo pakhonde. Sumaya anayenera kuyamba Fomu 2 temu ino, koma chitsegulire sukulu sanapondeko, chifukwa mtolo umodzi sukwanira kudyetsa anthu atatu.

Ndinawauza kuti ndikufuna ndipite nawo tsiku lina. Anakana, amvekere aphunzitsi sangathe. Ndinaumirira. Loweruka linalo tinanyamuka dzuwa lisanatuluke, ine, iwo ndi Sumaya.

Achimwene, ife tinakulira pa ndalama ya phiri limeneli koma sitinalikwerepo ndi miyendo. Tinayenda maola atatu. M'njira monse azimayi ali mndandanda, ena ndi ana kumbuyo, ena achikulire oposa amayi athu. Chizolowezi cha ntchito ija chinandigwira, ndinayamba kuwawerenga. Nditafika pa 47 ndinaleka. Tinadutsa pa damu la Mulunguzi, madzi atatsika mpaka dothi lofiira kuonekera m'mbali. Ndinaima n'kuganiza kuti madzi amenewa ndi omwe timatsegula pa mpopi ku Mpondabwino, tauni yonseyi, ndi anthu onse aja ndinkawalemba.

A Mwanamvua anandilozera kutsetse kwina n'kunena kuti apo ndi pamene bambo anu ankacheka. Akuti nthawi imeneyo munkachita mdima masana chifukwa cha paini, ndipo nkhuni ankatola ola limodzi n'kubwerera. Ine ndinaona zitsa zakuda ndi phulusa basi. Sindikuimba mlandu bambo, fizi yathu inachokera pamenepo. Sindikuimbanso mlandu azimayi aja, nanga aphikire chiyani? Koma ndinaona ndi maso anga kuti chaka chilichonse njira ikutalika, ndipo tsiku lina adzafika kumapeto kwa phiri n'kubwerako chimanjamanja.

Anandimangira kamtolo kosafika ndi theka la mtolo wa Sumaya. Khosi linandipweteka masiku anayi. Potsika, pamalo ena otsetsereka, Sumaya anaterereka n'kugwada pa mwala, mtolo uli pamutu. Bondo linasupuka, magazi mpaka ku chidendene. Sanalire, sanatule. Anangodzuka n'kupitiriza. Titapuma pa mthunzi ndinamumanga ndi kansalu kanga, ndipo ndi pamene anayamba kundiyankhula, chifukwa masiku onsewa ankangondiyang'ana chamumbali.

Anati, "Ababa ankakutchulani tsiku ndi tsiku. A Maziko ali ku Joni, a Ella ali ku koleji. Ankati ndikadzakhoza bwino Fomu 2 adzanditenga ndikakuoneni. Ife timakudziwani nonse."

Mwamva, achimwene? Iwo ankatidziwa. Ankadziwa tsiku limene munakwera basi, ankadziwa dzina la mwana wanu. Ife ndi amene tinali mumdima. Ndinamuyang'anitsitsa mwana uja, ndipo mphumi yake ndi yanu, ndi kampata ka mano komwe.

Nditatsika phiri ndinawauza a Herbert zonse. Mawa lake ndinapita ku Malosa. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndiyambire, poopa kuti amayi angakomoke. Ndinawapeza akupeta nandolo kuseri kwa nyumba. Ndinafotokoza, iwo osasiya kupeta. Nditamaliza anangondifunsa kuti, "Wadziwa liti?"

Ndinawauza. Iwo anati, "Ine ndinadziwa mwana wake woyambayo ali kumsana. Mwamuna wogona ku msasa wa kuphiri sabwera kunyumba ndi malaya osita."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanatiuzire. Anati ankafuna tikule tili ndi bambo oti tiziwalemekeza, ndipo mtolo umenewo unali wawo, osati wathu. Anatinso tsiku la maliro anawaona atatu aja pansi pa mango. Akuti analibe mphamvu yowathamangitsa, analibenso mtima wowaitana. Musaganize kuti amayi akhululuka. Ponena zimenezi dzina la a Mwanamvua sanalitchule ngakhale kamodzi.

Nditayamba kunena zoti anthuwa akusowa kolowera, anandidula. Anati munda wa ku Malosa ndisautchule n'komwe, ndi wa mbumba yathu. Anandikumbutsa kuti agogo ankalima okha kuchokera pa msewu mpaka kumtsinje, lero agawana anthu khumi ndi mmodzi, ndipo gawo lawo ukaponya mwala umakagwera kwa eni ake. Apo sindinatsutse, n'zoona. Kenako anati, "Puloti ya ku Matawale ndi thukuta la macheka a bambo ako. Ine sindinapondepo ndipo sindidzapondapo. Ukambirane ndi mchimwene wako."

Potsanzika anandipatsa timatumba tiwiri ta nandolo, pamene masiku onse amandipatsa kamodzi. Ndinamva ndekha kuti kachiwiriko ndi ka ku Chinamwali.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Ndikudziwa chimene puloti ija ili kwa inu. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukusamalira maluwa a eni ake, kugona mumkuku, kachisakasa ka malata kaja, kudzimana, n'kumatumiza malata pang'onopang'ono kuti ndizikusungirani. Ndikudziwa maloto anu omanga zipinda zogona ana a ku koleji, ndipo ndi nzeru zabwino, chifukwa tauni ikukula ndipo anawo akusowadi pogona. Sindikufuna kukuphwanyirani zimenezo.

Koma bambo potipatsa puloti ija anati ndi ya ana anga. Tinkayesa akunena anthu awiri. Ine ntchito yanga inali yowerenga anthu, ndipo ndawerenga. Ana a bambo tilipo anayi.

Ndiye ndachita chinthu osakufunsani. Kumbuyo kwa puloti, pakona ya chulu paja, ndapima mapazi khumi ndi awiri m'litali, khumi m'lifupi. Tagumula chulucho n'kuumba zidina, ine, a Mwanamvua ndi a Herbert. Sitinawotche. Nditaona zitsa zija sindikanatha kusonkha uvuni, ndipo a Herbert akuti zidina za dothi la pachulu zikakhala ndi khonde lotambalala zimapirira zaka zambiri. Ndi kanyumba ka zipinda ziwiri. Pamene ndikulemba pano khoma lafika pamwamba pa mawindo.

Ndipo ndatenga malata anu khumi ndi anayi pa mulu uja uli kuchipinda kwathu. Kumeneko ndi kuba, sindikukometsa dzina lake. Ntchito ikadzatuluka ndidzawabwezera pamalo pake. Koma lero ali ku Matawale, ndipo Loweruka likubwerali a Herbert akhoma denga.

Mufunsa kuti bwanji sindinayambe ndakuuzani. Ndikuyankhani mosabisa. Mukanati ndidikire mudzabwere tidzakambirane pamaso, monga munanenera chaka chatha ndi chaka chinacho pa nkhani zina. Sindikukunenani, ndikudziwa za mapepala. Koma mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri, ndipo chigwembe chija sichidziwa za pasipoti. Chinanso, ndinkaopa mkwiyo wanu. Inu bambo munkawakonda kuposa ine, mpaka kuyenda kumene munkawatsanzira. Ndikudziwa kuti kalata ino ikupwetekani kawiri. Nanenso ndinadutsa momwemo. Kwiyani, lirani, koma mukatha mukumbukire kuti Amira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu ndipo sanasankhe kubadwa.

Musaganizenso kuti a Mwanamvua analumphira mwayi. Poyamba anakanitsitsa. Anati sakufuna za chisoni, ndipo sakufuna kuti mawa adzatchedwe wolanda chuma cha ana a eni ake. Chimene chinawatembenuza ndi zomwe tinapeza titapita kukaona malowo. Achimwene, puloti yopanda munthu m'tauni muno imadyedwa. Oyandikana nawo a kumadzulo asuntha malire ndi mapazi awiri n'kudzalapo mpanda wa minga. Ena akumba dothi loumbira njerwa pakati penipeni, ena asandutsa kutsogolo kuja kotayira zinyalala. Mukanachedwa zaka zina ziwiri mukanadzapeza kachidutswa. A Mwanamvua ataona zimenezo anati, "Ngati ndi kulondera, ndivomera. Ndikhale pano ngati mlonda wa malo a ana a malemu, onse anayi." Tsiku lomwelo anapita okha kukayankhula ndi a mpanda wa minga aja, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, ndipo mpandawo wazulidwa. Ine ndi sukulu yanga yonseyi sindikanatha.

Za kuphiri takambirananso. Kufupi ndi pulotiyo kuli gulu la azimayi oumba mbaula zadothi zija zosadya nkhuni zambiri, ndipo avomera kuwaphunzitsa. Manja awo ndi ozolowera dongo, kwawo ankaumba miphika. Sindikunena kuti asiyiratu kukwera phiri mawa lomwe, ayi, poyamba azipitabe kamodzi pa sabata. Mvula ikagwa tidzala nandolo kuzungulira malire onse, ndiwo zikhalepo, mapesi ake akhale nkhuni, malirewo aziwoneka. Malo a zipinda zanu sitinakhudze. Ali pomwepo, osesedwa bwino kuposa kale.

Sumaya wabwerera ku sukulu Lolemba lapitali. Ndinapita ndekha kukaonana ndi ahedi, ndipo amulandira ngakhale wachedwa. Pakati pa sabata akugona kwathu kuno kuti ndizimuthandiza zomwe anzake aphunzira kale. Mutu uli bwino mwana ameneyu, masamu akundiposa. Amaswali m'chipinda chathu chochezera, ife tikupemphera kuchipinda, ndipo palibe chasweka. Za chipembedzo chawo sindilowererapo, ndipo ndikupempha kuti nanunso musadzalowererepo.

Anthu ayamba kale kuyankhula. A Herbert poyamba ankaopa zomwezo, amvekere kutchalitchi tiziyenda bwanji. Sabata yatha mayi wina wa Mvano anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikuvula malemu, mkulu wa mpingo wolemekezeka, pamaso pa anthu. Ndinamuyankha kuti malemu anadzivula okha, ine ndikungofunditsa ana awo. Kuyambira pamenepo moni wasiya kundipatsa. Zilibe kanthu. Masiku ano a Herbert ndi amene akumandidzutsa kuti tikagwire ntchito dzuwa lisanakwere.

Tsono pempho langa si loti mundilole kumaliza nyumbayo. Ndimaliza. Mukati ndibweze malata, ndikazula a pa khitchini yathu ndikakhome kumeneko, koma anthu aja salowa Disembala ali pamphepete pa chigwembe. Chimene ndikupempha ndi mawu anu. Inu ndinu wamkulu, mwini mbumba. Ndikufuna munene ndi pakamwa panu, amalume ndi a Herbert akumva pa foni, kuti kona ija ndi ya Sumaya ndi Amira, kuti mawa ine kapena inu tikadzapita, ana athu asadzawathamangitse. Bambo anawasiya opanda pepala, opanda mboni, opanda ngakhale malo pa maliro awo. Ife tisabwereze.

Amayi muwayimbire monga mwa masiku onse. Nkhaniyi musaiyambe pokhapokha ayambe okha. Akhala nayo zaka zambiri, aitula pa nthawi yawo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Brenda. Kalatayi muwawerengere, musawabisire, zobisa zatikwana m'banja muno. Mwana mumupsompsone m'malo mwanga. Moni kwa anzathu onse a ku Zomba amene muli nawo kumeneko. A Herbert akupereka moni, akuti musadandaule za denga, akhoma ngati lawo lomwe. A Mwanamvua anachita manyazi kupereka moni, anangoti ndikuuzeni kuti pepani.

Sumaya ndi Amira nawonso akupereka moni. Anandifunsa kuti popereka monipo akutchuleni ndani. Ndawauza kuti achimwene. Ngati ndalakwitsa, mudzawauze nokha, ine sindikawauza.

Ambuye akusungeni, akutetezeni m'dziko la eni, ndipo akufewetseni mtima pamene mukupinda kalatayi.

Ndine mchemwali wanu,
Ella